Mmene Mungapezere Chitsulo Chabwino Chosulira Mipeni Kufupi ndi Kwanu

Mpeni umakhala wakuthwa kwa nthawi yaitali ngati chitsulo chake chili ndi kaboni wokwanira (kaboni ndi chinthu chimene chimapezekanso m'makala), chifukwa kaboniyo ndi amene amachititsa kuti chitsulo chilimbe chikatenthedwa n'kuviikidwa m'mafuta kapena m'madzi. Zitsulo zimene owotcherera amapangira mageti, mawindo ndi mabedi zimakhala ndi kaboni wosapitirira 0.3 peresenti, ndipo ngakhale mutazisula mwaluso chotani sizingalimbe, moti mpeni wake umabuntha usanamalize kusenda nkhuku imodzi. Chosulira mpeni chimafunika kukhala ndi kaboni woyambira pafupifupi 0.6 mpaka 1 peresenti kapena kupitirirako pang'ono. M'Malawi muno n'zovuta kupeza sitolo yogulitsa chitsulo chotere chili chatsopano komanso cholembedwa nambala yake, choncho osula ambiri amadalira zitsulo zakutha, ndipo luso lalikulu lili pa kudziwa zoti mutole ndi kuziyesa musanawononge makala.

Yambani ndi masipuling'i a galimoto, aja athyathyathya osanjikizana amene amakhala kumbuyo kwa malole, mapikapu ndi maminibasi. Amenewa ndi amene osula a m'midzi akhala akupangira nkhwangwa, zikwanje ndi sompho kwa zaka zambiri. Ambiri amapangidwa ndi chitsulo chotchedwa 5160 kapena china chofanana nacho, monga SUP9 chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri ku Japan, dziko limene galimoto zochuluka za m'misewu yathu zimachokera. Pa nambala ngati 5160, manambala awiri omalizawo amasonyeza kaboni, kutanthauza kuti ali pafupifupi 0.60 peresenti, ndipo chitsulochi chilinso ndi kromiyamu pang'ono, mtundu wina wa chitsulo umene amasakanizamo, amene amathandiza kuti chilimbe mpaka m'kati chikaviikidwa m'mafuta. Ubwino wake ndi wakuti sichithyoka msanga ndiponso chimapirira zolakwitsa za munthu amene akungophunzira kumene, n'chifukwa chake ndimaona kuti mpeni waukulu wodulira nyama kapena chikwanje uyenera kuyambira apa.

Masipuling'iwa mungawapeze m'magalaja ndi kwa ogulitsa zitsulo zakutha, monga ku Ndirande mu mzinda wa Blantyre kapena ku Biwi mu mzinda wa Lilongwe, komanso kwa amakaniko a m'maboma amene amakonza malole. Ndi bwino kufika kwa makaniko mwaulemu, kumufotokozera chimene mukufuna kupanga, ndi kumupempha kuti azikusungirani zimene wachotsa, chifukwa ogula zitsulo pa sikelo amazungulira kawirikawiri ndipo sasiya kanthu. Komabe kumbukirani kuti sipuling'i yachotsedwa pa galimoto chifukwa yatopa. Ikhoza kukhala ndi ming'alu ing'onoing'ono yosaoneka, makamaka pafupi ndi bowo lapakati lolowa bawuti ndiponso pafupi ndi pamene yathyokera. Sankhani mbali imene ili kutali ndi malo amenewa, ipaleni dzimbiri mpaka iwale, ndipo muiyang'anitsitse padzuwa. Ngati dzimbiri ladya n'kusiya maenje akuya, isiyeni, chifukwa mng'alu umene simunauone lero udzaonekera pa tsiku loviika mpeniwo, ntchito yonse itatha kale. Kumene kuli malo okonzera kapena kupinda masipuling'i atsopano, funsani zidutswa zotsala podula, popeza zimenezi sizinayendepo pamsewu ndipo n'zabwino koposa zakale.

Tupa wakutha ndi gwero lachiwiri, ndipo amatulutsa mipeni ing'onoing'ono yakuthwa kwambiri chifukwa kaboni wake amafika pa 1 peresenti kapena kuposa. Akalipentala, owotcherera ndi onola macheka amataya atupa akatha mano. Vuto n'lakuti atupa ena otchipa amalimbitsidwa khungu lakunja lokha pamene m'kati muli chitsulo chofewa, choncho aliyense ayenera kuyesedwa payekha. Musanayambe kusula, peretsani manowo pa gulayinda mpaka afafanizike, chifukwa mzere uliwonse wa dzino ukhoza kusanduka poyambira mng'alu.

Mabering'i akuluakulu a malole ndi a zigayo nthawi zambiri amakhala a chitsulo cha 52100, chimene chili ndi kaboni pafupifupi 1 peresenti ndi kromiyamu pafupifupi 1.5 peresenti. Mpeni wake ndi wapamwamba, koma chitsulochi n'chouma pa nyundo ndipo chimasweka mukachimenya chitayamba kuzizira kapena mukachitenthetsa mopitirira, motero ndi bwino kuchisungira nthawi imene dzanja lazolowera. Macheka akale a m'malo ochekera matabwa, makamaka aja aatali ngati lamba, amapereka chitsulo chopyapyala choyenera mipeni ya kukhitchini. Macheka ozungulira amene mano ake ndi ochita kumatikapo asakunyengeni, chifukwa kulimba kwake kuli pa manowo ndipo thupi lake silikhala lodalirika. Zimbale zakutha za pulawo ya thalakitala, zimene zimapezeka m'maesiteti ndi m'mafamu akuluakulu, zimathandizanso pa zikwanje ndi mipeni ikuluikulu.

Zilipo zitsulo zoyenera kuzilambalala. Zomangira nyumba zija zamizeremizere zimapangidwa posungunula zitsulo zosiyanasiyana, ndipo kaboni wake sadziwika ngakhale pa ndodo imodzi yomweyo. Mapaipi ndi zitsulo zina zokutidwa ndi zinki zimatulutsa utsi woyera umene umadwalitsa munthu zikaikidwa pamoto. Mashokabuzoba ndi zinthu zina zotsekeka zimatha kuphulika zikatenthedwa. Njanji za sitima ndi zitsulo za mapolo a magetsi zili ndi eni ake, ndipo kuzigula kwa munthu amene sangafotokoze kumene wazitenga kungakufikitseni kupolisi.

Mukatola chitsulo, kuyesa koyamba n'kwa mbaliwali. Chikhudzitseni pa gulayinda pamalo amthunzi, mutavala magalasi oteteza maso, ndipo muone moto umene ukutuluka. Chitsulo chofewa chimatulutsa mizere italiitali yowongoka yokhala ndi nthambi zochepa, pamene cha kaboni wambiri chimatulutsa mbaliwali zothinana zimene zimaphulika kunsonga ngati tinyenyezi. Kuti maso asakunamizeni, khalani ndi zidutswa ziwiri zodziwika, china cha geti ndi china cha tupa wabwino, ndipo muziyerekezera chatsopanocho ndi zimenezi pa gulayinda yomweyo. Ogulitsa ambiri amene ali pafupi ndi owotcherera sakana kuti muyese musanalipire.

Mbaliwali zimangopereka chithunzithunzi, koma kuyesa kotsimikizika n'koviika. Dulani kachidutswa kotalika ngati chala, kasuleni kapyapyale kufika pa mamilimita 3 kapena 4, ndipo mukatenthe pa makala mpaka kafiire. Muzikayandikiza ku maginito, ngakhale aja a mu sipika yakutha, chifukwa chitsulo chikafika pa madigiri pafupifupi 770 maginito amasiya kuchikoka. Zikatero kabwezereni pamoto kwa kanthawi kochepa kuti kutentha kukwereko pang'ono, kenako kaviikeni mwamsanga m'mafuta ophikira ofunda. Oyilo wakutha wa injini ndi wosavuta kupeza, koma utsi wake ndi woipa m'chifuwa ndipo sindimulimbikitsa. Kakazizira, kapaleni ndi tupa. Ngati tupayo akungoterereka osaluma, chitsulocho chalimba. Kenako kamangeni pa vayisi, kaphimbeni ndi chiguduli kuti tizidutswa tisakuthawireni m'maso, ndipo mukamenye ndi nyundo. Chitsulo choyenera chimathyoka nthawi yomweyo osapindika, ndipo pothyokerapo pamaoneka potuwa ndi posalala. Pakaoneka timibulu tikulutikulu tonyezimira, ndiye kuti munatenthetsa kwambiri, ndipo vuto lili pa moto wanu. Ngati kachidutswako kangopindika, yesaninso kena m'madzi, popeza zitsulo zina zimafuna kuzizira mofulumira. Kakapindikanso m'madzimo, chitsulocho pitani nacho ku ntchito zina monga zogwirira ndi mbaniro.

Chitsulo chikapambana mayeso onsewa, bwererani kwa wogulitsa mukagule chochuluka cha mtundu womwewo, ngati n'kotheka mtolo wonse wa masipuling'i a galimoto imodzi, ndipo muchilembe chizindikiro ndi penti. Chifukwa chake n'chakuti chitsulo chilichonse chimafuna kutentha kwake ndi kaviikidwe kake, ndipo munthu amene amasintha chitsulo pa mpeni uliwonse sadziwa ngati cholakwika chili pa chitsulo kapena pa iye. Pa zidutswa zoyamba yesaninso kufewetsako pang'ono kumene kumachitika mukatha kuviika, potenthetsa chitsulocho pa madigiri pafupifupi 200 kwa ola limodzi kapena awiri mu uvuni, kapena pochiika pafupi ndi makala mpaka pamalo opalidwa paoneke mtundu wa udzu wouma. Lembani m'kabuku kumene munachigula, galimoto imene chinachokera, mafuta amene munaviikamo ndi mtundu umene munafikapo pofewetsa. Zidutswa zimene mukufuna kudula ndi macheka kapena kuboola muzitenthe mpaka maginito asiye kuzikoka, kenako muzikwirire m'phulusa louma usiku wonse kuti zizizire pang'onopang'ono, ndipo zotsalazo muzipake mafuta n'kuzisunga pamalo okwera kumene chinyezi cha dzinja sichingazifike.