Momwe mungasankhire mabuku abwino a ana a Sitandade 5 mpaka 8

Mwana wa zaka 10 mpaka 14 ali pa msinkhu wovuta kumugulira buku, chifukwa timabuku tazithunzi ta ana a Sitandade 2 amationa ngati tachibwana, pomwe mabuku amene amawerengedwa ku sekondale amamulemera. Ndakhala ndikusankhira mabuku ana anga awiri kwa zaka zingapo tsopano, ndipo njira imene ndikulongosola pano ndinaiphunzira nditataya kale ndalama.

Choyamba, dziwani chimene mwanayo amakonda musanapite kogula. Wina amafuna nthano za kalulu ndi fisi, wina za mpira, wina amafuna kudziwa mmene ndege imaulukira. Kholo limene limacheza ndi mwana wake limadziwa kale zimenezi, choncho sindichedwapo.

Chachiwiri ndi chiyankhulo. Kuyambira Sitandade 5 maphunziro ambiri amayenda m'Chingerezi, ndipo mayeso a PSLCE amene bungwe la MANEB limalembetsa mu Sitandade 8 amakhala m'Chingerezi kupatula phunziro la Chichewa. Chifukwa cha ichi makolo ambiri amagula mabuku a Chingerezi okhaokha, koma ine ndimaona kuti ndi kulakwitsa. Mwana amene wamaliza buku lonse la Chichewa amazolowera kukhala pansi ndi nkhani yaitali mpaka kumapeto, ndipo chizolowezi chimenecho amapita nacho ku mabuku a Chingerezi. Buku ngati Kukula ndi Mwambo la John Gwengwe limamuyenera bwino mwana wa Sitandade 7 kapena 8. Chenjerani pang'ono ndi mabuku akale kwambiri komanso ochokera ku Zambia, amene amalemba "cinthu" m'malo mwa "chinthu". Nkhani zake ndi zabwino, koma muuzeni mwanayo kuti pamayeso asalembe choncho.

Gawo lachitatu ndilo linandigwetsa ine, ndipo ndi kuyesa ngati bukulo likufanana ndi mphamvu ya mwanayo powerenga. Mwana wanga wamkazi ali mu Sitandade 6, ndinagula mabuku anayi a Chingerezi kwa munthu wina amene ankayala mabuku akaunjika pansi m'mbali mwa msewu. Ndinasankha ndekha, mwanayo ali kunyumba, ndipo ndinayang'ana kukula kwa buku ndi kukongola kwa chikuto basi, poganiza kuti buku lalikulu limuphunzitsa Chingerezi chambiri. Analandira mwaulemu ndi manja awiri n'kuthokoza. Patatha mwezi ndinawapeza pansi pa matiresi, ndipo kachidutswa ka pepala kamene ankaika posonyeza pamene walekezera kanali pa tsamba 9 la buku loyamba. Nditamupempha kuti andiwerengere mokweza, anapunthwa kasanu ndi kawiri pa ndime imodzi, akuloza mawu ndi chala, mpaka mawu ake anayamba kunjenjemera. Anali atabisa mabukuwo poopa kuti ndimuona ngati mbuli, ndipo kwa miyezi ingapo ankathawa ngakhale mabuku amene akanatha kuwerenga bwinobwino.

Kuchokera nthawi imeneyo sindigula buku mwanayo palibe. Chitani motere: tsegulani tsamba la pakati pa buku, osati loyamba, chifukwa alembi ambiri amayamba mofewa. Mwanayo awerenge tsamba lonse mokweza atatambasula dzanja, ndipo akakumana ndi mawu amene sakuwadziwa kapena akulephera kuwatchula apinde chala chimodzi. Akafika kumapeto atapinda chala chimodzi kapena osapinda n'komwe, bukulo ndi lophweka, ndipo ndi labwino powerenga mongosangalala. Zala ziwiri kapena zitatu zikusonyeza buku lomuyenera, limene limuphunzitse mawu atsopano popanda kumufooketsa. Zala zonse zisanu zikapindidwa, libwezeni bukulo ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo chotani. Mayina a anthu ndi a malo musawawerengere.

Pali chinanso chimene zala sizisonyeza. Ana ena amatchula mawu a Chingerezi mosadodoma koma osamva kanthu, chifukwa anazolowera kuloweza m'kalasi. Choncho tsekani bukulo ndi kumufunsa m'Chichewa kuti, "Tandiuza, chachitika n'chiyani pamenepa?" Akafotokoza m'mawu akeake, mwapeza buku. Akabwereza ziganizo za m'bukumo ngati akulakatula ndakatulo, funani lina losavuta. Mabuku a Junior African Writers Series, omwe ndi nkhani za Chingerezi zolembera ana a mu Africa, amathandiza pamenepa chifukwa anawagawa m'magawo asanu molingana ndi kuvuta kwake, ndiye mwana akalephera gawo lina mumangotsika limodzi.

Lamulo la zalali ndimalifewetsa pa mabuku a sayansi okhala ndi zithunzi zofotokoza bwino. William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi pa nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, anabwereka ku laibulale yaing'ono ya kwawo buku lotchedwa Using Energy. Chingerezi chinkamuvuta, koma ankatsatira zithunzi, ndipo ali ndi zaka 14 anapanga makina opangira magetsi pogwiritsa ntchito mphepo. Mwana amene waumirira buku lotere musamulande.

Mukapeza buku loyenera, liyang'aneni bwino musanapereke ndalama. Onani ngati tsamba lomaliza lilipo ndiponso ngati manambala a masamba akutsatana, pakuti m'mabuku akaunjika masamba amathothoka ndipo ogulitsa ena amangomata chikuto osanena kanthu. Buku la fotokope mudzalidziwa ndi zilembo zotuwa, mizere yopendekeka ndi guluu wosalimba. Limaoneka lotchipa, koma silitha teremu, komanso mlembi wake sapezapo kalikonse. Mukaona chidindo cha sukulu kapena mawu oletsa kugulitsa, lisiyeni, chifukwa limenelo lachotsedwa m'manja mwa ana ena. Mitengo ya mabuku atsopano inakwera kwambiri ndalama ya kwacha itagwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, choncho akaunjika sindiwanyoza. Kunenerera kumatheka, makamaka mukatenga awiri.

Njira yachidule imene yandipulumutsira ndalama ndi kuyamba kubwereka. Bungwe la National Library Service lili ndi malaibulale ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi m'maboma ena. Mwana abwereke kaye mabuku a alembi osiyanasiyana, ndipo inu mudzagule a mlembi amene iye wabwerera kukamufunanso.

Zotsalazo ndi zachidule. Werengani nokha mutu woyamba ndi masamba angapo a pakati, chifukwa mabuku ena a chikondi olembera akuluakulu amakhala ndi zikuto zooneka ngati za ana. Gulani limodzi kapena awiri pa nthawi imodzi, likuteni ndi pepala lolimba, ndipo mwana akamaliza asinthane ndi anzake a m'kalasi. Pakatha teremu bwerezaninso kuyesa kwa zala kuja pa buku limene munalibweza poyamba.