Kujambula chithunzi pa tabuleti ndi kuchimalizitsa pa kompyuta kuti chisindikizidwe

Musanakhudze sikirini ndi cholembera, dziwani kaye kumene chithunzi chanu chikupita. Chithunzi choti anthu azingochiona pa foni chimakonzedwa mosiyana ndi choti chikasindikizidwe papepala, ndipo mavuto ambiri amene amaonekera tsiku lopereka ntchito, monga mizere yosaoneka bwino, mitundu yozilala kapena mawu odulidwa m'mphepete mwa tsamba, amakhala atayambira pa zimene wojambula anasankha m'mphindi zoyambirira. Kuti malangizowa akhale ogwirika, titsatira ntchito imodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza: chithunzi chodzaza tsamba la A4 m'buku la ana, chosonyeza mayi wovala chitenje akugulitsa tomato pamsika, chojambulidwa pa tabuleti kenako n'kukamalizidwa pa kompyuta.

Zipangizo ndi mapulogalamu

Matabuleti ojambulira alipo a mitundu iwiri. Ena ali ndi sikirini yawoyawo ndipo mumajambula pomwe mukuyang'anapo, monga iPad yokhala ndi Apple Pencil kapena Samsung Galaxy Tab yokhala ndi S Pen. Ena ndi kabolodi kopanda sikirini kamene mumalumikiza ku kompyuta, dzanja n'kumayenda patebulo pamene maso ali kutsogolo. Otere amapangidwa ndi makampani monga Wacom, Huion ndi XP-Pen, ndipo ndiwo otsika mtengo. Masiku oyamba dzanja ndi maso sizigwirizana, koma zimazolowerana. Chofunika kwambiri n'chakuti cholembera chizimva mphamvu ya dzanja lanu, kuti mzere uzinenepa mukakanikiza ndi kuwonda mukapeputsa. Zolembera zotchipa zokhala ndi rabala kunsonga sizichita zimenezi chifukwa zimangolowa m'malo mwa chala. Manambala olembedwa pakatoni osonyeza milingo ya kukanikiza imene cholembera chimatha kumva, monga 4096 kapena 8192, asakuvuteni maganizo, pakuti onsewa ndi okwanira pa ntchito imene tikukambayi.

Kwa munthu amene akuyamba, ndimalimbikitsa Krita. Ndi pulogalamu yaulere, imagwira ntchito pa Windows, macOS, Linux komanso pa matabuleti a Android, ndipo mukangoiika pa chipangizo chanu safunanso intaneti. Ubwino wake waukulu ndi woti fayilo imodzi yomweyo imatseguka pa tabuleti ndi pa kompyuta popanda kusintha kalikonse. Amene ali ndi iPad ambiri amagwiritsa ntchito Procreate, imene imagulidwa kamodzi kokha koma sipezeka pa Android kapena pa Windows. Photoshop ndi Illustrator za Adobe ndi zamphamvu ndipo malo ambiri osindikizira amazidziwa bwino, koma zimalipiridwa mwezi ndi mwezi kapena chaka ndi chaka, choncho si nzeru kuyambira pamenepo musanayambe kupeza ndalama ndi luso lanu.

Mapulogalamuwa amasunga zithunzi m'njira ziwiri. Krita, Procreate ndi Photoshop zimapanga chithunzi ndi timadontho ting'onoting'ono totchedwa ma pixel, ndipo chiwerengero chake chimakhazikika pamene mukutsegula tsamba. Mukadzachikulitsa mopitirira, chimasweka n'kumaoneka timabokosi. Inkscape, imene ilinso yaulere, ndi Illustrator zimasunga mizere monga masamu, kotero kuti chizindikiro cha kampani chingakuzidwe kuchoka pa kakhadi mpaka pa chikwangwani cha pamsewu osawonongeka. Mayi wathu wa tomato tidzamujambula m'njira yoyamba, koma mawu a patsambalo tidzawaika m'njira yachiwiri.

Kukonza tsamba

Pepala la A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Posindikiza mabuku pamafunika madontho 300 pa inchi iliyonse, zimene pulogalamu imalemba kuti 300 dpi kapena 300 ppi, ndipo zimenezi zimapereka tsamba la ma pixel 2480 ndi 3508. Koma popeza chithunzi chathu chidzadzaza tsamba lonse mpaka m'mphepete, tiyenera kuwonjezera mamilimita 3 mbali iliyonse, amene osindikiza amawatchula kuti bleed. Mpeni wodulira mapepala sugwera pamalo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo ngati utoto wathera ndendende pamzere wodulira, masamba ena adzatuluka ndi kamzere koyera m'mbali. Choncho tsegulani tsamba la mamilimita 216 ndi 303, pafupifupi ma pixel 2551 ndi 3579, ndipo nkhope, manja ndi mawu zikhale mamilimita 5 kapena kuposerapo mkati mwa mzere wodulira.

Ngati mukukayika za kukula kumene kudzafunike, yambani ndi tsamba lalikulu, pakuti kuchepetsa chithunzi sikuchiwononga pamene kuchikulitsa kumachiwononga. Komabe kumbukirani kuti tsamba lalikulu limalemera: mu Procreate chiwerengero cha ma layer (magawo osanjikizana a chithunzi) amene mungatsegule chimachepa tsamba likamakula, ndipo tabuleti ya RAM yochepa (RAM ndi malo amene chipangizo chimasungamo zimene chikugwira pa nthawiyo) imayamba kuchedwa. Pa za mitundu, jambulani mu sRGB, dongosolo la mitundu ya pasikirini; za CMYK, dongosolo la inki zosindikizira, tidzaziona kumapeto.

Mizere

Palibe cholakwika kuyamba ndi pensulo papepala. Jambulani tizithunzi ting'onoting'ono tingapo poyesa pamene mayiyo akhale, pamene milu ya tomato ikhale ndi pamene mawu adzalembedwe, kenako jambulani ndi kamera kachithunzi kamene mwakasankhako n'kukalowetsa mu pulogalamu. Malo a mawu asiyidwe kuyambira pano. Kudzawafunafuna chithunzi chitatha kumachititsa kuti muphimbe ntchito imene mwaivutikira.

Apa ndi pamene ma layer amayamba kugwira ntchito. Ali ngati mapepala apulasitiki oonekera osanjikizana, lililonse lili ndi gawo lake la chithunzi, ndipo mungachotse kapena kukonza limodzi osakhudza ena. Chojambula choyambirira chija chikhale pa layer yake, muchepetse opacity yake (mlingo wa mmene layer imaonekera) kufika pa 20 kapena 30 peresenti kuti chizingooneka pang'ono, ndipo mutsegule layer ina pamwamba pake yojambulapo mizere yeniyeni. Sikirini imaterera kuposa pepala, n'chifukwa chake mizere imanjenjemera. Krita ili ndi Stabilizer ndipo Procreate ili ndi StreamLine zothandiza kuiwongola. Musazikweze kwambiri, chifukwa mzere wowongoka mopitirira umataya moyo umene dzanja limaupatsa. Mizere italiitali, monga ya mkono kapena ya m'mphepete mwa chitenje, ikokeni kamodzi mwachangu kuchokera m'chigongono, ndipo ikalakwika bwezani ndi Ctrl+Z, kapena pogogoda sikirini ndi zala ziwiri mu Procreate, m'malo moikonzakonza ndi timizere tambirimbiri.

Zinthu ziwiri zimapulumutsa nthawi yambiri pagawoli. Choyamba, tembenuzani chithunzi kuti kumanja kukhale kumanzere, zimene mu Krita zimachitika podina M. Diso limazolowera zolakwika zake, ndipo chithunzi chikatembenuka mumaona nthawi yomweyo kuti diso lina lakwera kapena kuti thupi lapendekera mbali imodzi. Chachiwiri, musakhalitse mutakuza sikirini kwambiri. N'zosavuta kutha ola lathunthu pa ndolo imene papepala idzakhala yaing'ono kuposa njere ya mpunga, pamene dzanja logwira tomato, limene mwana aliyense adzaliyang'ane, likadali lopindika.

Utoto, mthunzi ndi khungu

Utoto uikidwe pa ma layer a pansi pa mizere, ndipo chinthu chilichonse chachikulu chikhale ndi layer yake yokhala ndi dzina: khungu, chitenje, bulauzi, tomato, benchi, za kumbuyo. Yambani ndi mtundu umodzi wosasakaniza pa chilichonse. Podzaza utoto, onetsetsani kuti mizere yatsekeka, apo ayi utoto udzatayikira tsamba lonse, ndipo uzani chida chodzazira kuti chizilowa pansi pa mzere ndi pixel imodzi kapena awiri, kuti pasatsale kampata koyera pakati pa mzere ndi utoto. Kampata kameneka sikaoneka pa tabuleti, koma papepala kamaonekera.

Musanaike mthunzi uliwonse, sankhani kumene dzuwa lili ndipo musasinthenso. Tsegulani layer pamwamba pa ya khungu, muisinthe kukhala Multiply, imene imachititsa kuti utoto wake uzidetsa mitundu ya pansi pake, kenako muimangirire ku ya pansiyo kuti burashi isatulukire kunja kwa thupi. Mu Procreate ndi Photoshop zimenezi zimatchedwa Clipping Mask, pamene mu Krita mumaika ma layer awiriwo m'gulu limodzi n'kuyatsa Inherit Alpha.

Pa khungu lakuda ndi pamene ndikufuna kuti musamale koposa, chifukwa apa ndi pamene zithunzi zambiri za m'mabuku a ana zimafooka. Wojambula akatenga bulauni n'kuikapo mthunzi wa utoto wakuda kapena wotuwa, nkhope imaoneka yakufa ndiponso yauve, ndipo ikasindikizidwa maso, mphuno ndi milomo zimamira mu mdima umodzi. Khungu lakuda lili ndi mitundu yambiri mkati mwake. Mthunzi wake uzikhala wa bulauni wopita ku kufiira kapena ku pepo, ndipo pamphumi, pamasaya ndi pamwamba pa mphuno, pamene khungu limanyezimira, muike kuwala kofewa kotengera zimene zazungulira munthuyo: kabuluu pang'ono ka kumwamba pamalo oyang'ana m'mwamba, ndi kufiira pang'ono kochokera ku dothi kapena ku tomato pansi pa chibwano ndi m'mikono. Zikhatho zikhale zowalirapo kuposa kuseri kwa dzanja, monga zilili pa munthu weniweni. Mizere ya pankhope nayo ingakhale ya bulauni wakuda kwambiri m'malo mwa yakuda bii. Mukatha, onani chithunzi chonse chopanda mitundu, chakuda ndi choyera chokha, poika kwakanthawi layer yochotsa mitundu pamwamba pa zonse. Ngati nkhope sikusiyana bwino ndi za kumbuyo kwake, walitsani kumbuyoko kapena musunthe chimene chikupikisana nayo.

Maluwa a pachitenje musawajambule limodzilimodzi pathupi. Pangani kachigawo kamodzi pa fayilo ina, mukabwerezebwereze mpaka kadzaze nsalu yoyala, ndipo Wrap Around Mode ya mu Krita idzakuthandizani kuona ngati zigawozo zikulumikizana bwino. Kenako ikani nsaluyo pamwamba pa layer ya chitenje, muimangirire monga munachitira ndi mthunzi, n'kuipinda ndi Warp kuti itsatire chiuno ndi maondo. Maluwawo akhale opanga nokha, osati okopera pa nsalu ya kampani inayake, pakuti bukulo lidzagulitsidwa.

Kusamukira pa kompyuta

Ngati mumagwiritsa ntchito Krita mbali zonse, samutsani fayilo ya .kra momwe ilili. Ngati munajambula mu Procreate, tulutsani fayilo ya PSD, imene imasunga ma layer ndipo imatseguka mu Krita ndi mu Photoshop, koma yang'anitsitsani ikatseguka chifukwa zina zimatha kusintha pang'ono posamuka. Gwiritsani ntchito chingwe, flash kapena Google Drive. Musadzitumizire chithunzicho pa WhatsApp ngati chithunzi wamba, chifukwa chimafinyidwa n'kuchepetsedwa. Ngati palibe njira ina, chitumizeni ngati document. Fayilo ya ma layer isungidwe malo awiri ndipo musaiphatikize kukhala layer imodzi, ngakhale ntchito itaoneka kuti yatha. Pa kompyuta ya patebulo yopanda batire, dinani Ctrl+S pafupipafupi ndipo onetsetsani kuti autosave ndi yoyatsa, pakuti magetsi akazima zonse zosasungidwa zimapita.

Sikirini yaikulu imaonetsa zimene tabuleti inabisa, monga timadontho totsalira, malo amene utoto sunafike ndi mizere yosalumikizana. Mukazikonza, tulutsani chithunzicho ngati PNG kapena TIFF, muchilowetse mu Inkscape kapena mu Scribus, pulogalamu yaulere yoyalira masamba a mabuku, ndipo mawu muwalembe mmenemo kuti atuluke akuthwa. Pa buku la ana, font (mtundu wa zilembo) yotchedwa Andika, imene bungwe la SIL linakonzera anthu ophunzira kuwerenga, ndi yabwino ndiponso yaulere. Font iliyonse imene mwasankha, iyeseni kaye ngati ili ndi chilembo cha ŵ komanso ngati kachizindikiro ka mu ng' kakuoneka bwino, chifukwa ma font ambiri okongoletsa alibe ŵ ndipo amaika kabokosi kapena chilembo cha font ina m'malo mwake. Mawu ang'onoang'ono akuda asindikizidwe ndi inki yakuda yokha, osati yosakaniza inki zonse zinayi, kuti asaoneke ogwedera makina akaphonya pang'ono. Musanatumize, sandutsani mawuwo kukhala mizere pa kope lina la fayilo, pogwiritsa ntchito Object to Path mu Inkscape, kuti font isasinthe pa kompyuta ya osindikiza.

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu, pamene makina osindikizira amagwiritsa ntchito inki zinayi za CMYK, zimene sizingafikire kuwala konse kwa pasikirini. Buluu wowala ndi wobiriwira wowala kwambiri ndiwo amazilala koposa, ndipo mitundu yakuda imaderatu chifukwa inki imafalikira pang'ono m'pepala, makamaka pepala losanyezimira. Mu Krita ndi mu Photoshop, Ctrl+Y imakuonetsani moyerekeza mmene chithunzi chidzaonekere chikasanduka CMYK. Afunseni osindikiza ngati akufuna kuti musinthe nokha kapena adzasintha okha, ndiponso mtundu wa PDF umene amalandira. La pa intaneti likhale kope lapadera la JPG mu sRGB, lochepetsedwa kufika pa ma pixel 1080 m'lifupi.

Pomaliza, pemphani kuti akusindikizireni tsamba limodzi loyesera pa pepala lomwelo limene bukulo lidzagwiritse ntchito, ndipo mukalionere panja kapena pawindo masana, osati pansi pa babu. Yang'anani nkhope ya mayiyo poyamba. Ngati yada kuposa mmene munafunira, bwererani ku fayilo ya ma layer, muwalitse pang'ono layer ya khungu, muchepetse opacity ya mthunzi wake, kenako mutulutse PDF yatsopano yokhala ndi dzina losiyana ndi yoyamba ija, kuti osindikiza asasokoneze mafayilo awiriwo.