Momwe mungakafikire ku Machu Picchu popanda kubwezedwa pachipata kapena kudwala ku Cusco

Tikiti yoyamba kugula ndi yolowera pachipata, za ndege ndi pogona zibwere pambuyo. Ambiri amachita mosemphanitsa, nkukapezeka ali ku Peru malo atatha. Machu Picchu, mudzi wamiyala womwe a Inca anamanga paphiri m'zaka za m'ma 1400, salowamo chisawawa. Unduna wa zachikhalidwe wa dzikolo umalola anthu 4,500 patsiku, ndipo nyengo ya alendo ambiri amafika 5,600. Matikiti amagulitsidwa pa intaneti, ndipo iliyonse imakhala ndi dzina lanu, nambala ya pasipoti, tsiku, ola lolowera ndi njira yomwe mukadzere. Pachipata amafananitsa tikiti ndi pasipoti yeniyeniyo. Ngati mwasintha pasipoti mutagula kale tikiti, tengani yakaleyo.

Njirazo zili m'magulu atatu, ndipo apa mpomwe anthu amadzinamiza. Circuito 1 imakusiyani kumtunda, mudzi wonse mumangouonera patali. Circuito 3 imadzera kumunsi, ndipo ndi yomwe ili ndi tikiti yokwerera Huayna Picchu, phiri losongoka lomwe limaoneka kumbuyo pazithunzi. Wopita koyamba asankhe Circuito 2, chifukwa imafika pamalo ojambulira kenaka nkutsikira m'mabwinjamo. Ndi yomwe imayamba kutha, choncho iguleni kukadali miyezi iwiri kapena itatu.

Za nyengo sizivuta kumva, poti Peru ali kumwera kwa dziko ngati ife. Mvula imagwa kuyambira Novembala mpaka Malichi, ndipo kuyambira Meyi mpaka Seputembala kumauma, masana dzuwa, usiku chisanu choluma. Juni amadzaza kwambiri chifukwa pa 24 kumachitika Inti Raymi, mwambo wa dzuwa, ku mabwinja a Sacsayhuamán kumtunda kwa Cusco, mzinda womwe mumadzera popita ku Machu Picchu.

Kuchokera kuno palibe ndege yolunjika. Mudzera ku Johannesburg kapena Addis Ababa, muwolokere ku São Paulo, kenaka Lima. Za viza funsani ku ofesi ya kazembe wa Peru ku Pretoria musanalipire chilichonse. Kuchoka ku Lima kupita ku Cusco ndi ola limodzi ndi theka pandege. Pabasi ndi maola oposa 20.

Vuto lalikulu la ulendowu lili ku Cusco. Lima ili m'mbali mwa nyanja, pomwe Cusco ili pamtunda wa mamita 3,400, kuposa nsonga ya Sapitwa ku Mulanje yomwe ndi 3,002. Ku Sapitwa munthu amakwera pang'onopang'ono ndi miyendo, koma ku Cusco ndege imangokutulani pamwamba thupi lisanakonzeke. Mpweya ndi wochepa, ndipo pakatha maola angapo mutu umayamba kuwawa, nseru, tulo osabwera, masitepe khumi okha kupuma befubefu. Eni ake amati soroche. Sasankha wamphamvu, ngakhale wosewera mpira amagona naye.

Chothandiza nchosavuta: mukangotera, musagone ku Cusco. Kwerani galimoto mutsikire ku Ollantaytambo, maola awiri, pamamita pafupifupi 2,800, mukagoneko masiku awiri. Machu Picchu yeniyeniyo ili pa 2,430, kumunsi kwambiri. Cusco muisungire kumapeto thupi litazolowera. Tsiku loyamba idyani mopepuka, imwani madzi ambiri a m'botolo, mowa ayi. M'mahotela amapereka tiyi wa masamba a coca. Imwani, koma masambawo musawaike m'chikwama pobwerera, maiko ambiri amamanga nawo. Amene ali ndi vuto la mtima kapena BP aonane ndi dokotala asananyamuke, afunsenso za mankhwala a acetazolamide. Munthu akayamba kubanika ali chikhalire, kutsokomola kosalekeza kapena kulankhula zosokonekera, musadikire kuti kuche: kuchipatala, ndipo atsitsidwe kumunsi.

Ku Ollantaytambo komweko mpokwerera sitima. Makampani ake ndi awiri, PeruRail ndi Inca Rail, ndipo ulendo wotsata mtsinje wa Urubamba mpaka ku Aguas Calientes, tauni ya m'munsi mwa phiri la Machu Picchu, sukwana maola awiri. Amalola kachikwama kakang'ono, sutikesi isiyeni kuhotela. Kagoneni ku Aguas Calientes. Tauniyo payokha ilibe chokoma ndipo zinthu nzodula, koma imakuthandizani kuti musachedwe. Basi yokwera phiri imakhotakhota kwa mphindi 30, ndipo mzere wake m'mawa umatalika, choncho imani ola lathunthu nthawi ya pa tikiti isanakwane. Wapansi ndi masitepe okhaokha, ola ndi theka.

Musanalowe pitani kuchimbudzi. Chili kunja kwa chipata, cholipira ndi makobidi a sol, ndalama ya ku Peru, ndipo mkati mulibe. Njira ndi yopita kutsogolo kokha, mukadutsa malo simubwerera, mukatuluka mwatuluka. Valani buluku lalitali, chifukwa kuli tintchentche toluma tomwe simutimva potera koma timasiya zilonda zoyabwa sabata yonse. Mkatimo imani pa Kachisi wa Dzuwa muyang'anitsitse khoma lake lokhota: miyala yosemedwa yakumana popanda dothi kapena simenti, mpeni sungalowe pakati.

Ofuna kukafika wapansi ngati a Inca, njira ya Inca Trail ndi makilomita pafupifupi 43, masiku anayi, kudutsa pampata wa Warmiwañusca pamamita 4,215. Zilolezo ndi 500 patsiku kuphatikizapo onyamula katundu ndi operekeza, zimagulidwa kudzera ku makampani ovomerezeka okha, ndipo mu Febuluwale njirayo amaitseka.

Pobwerera mpamene Cusco imakoma. Gulani Boleto Turístico, tikiti imodzi ya malo 16 yogwira masiku 10. Imalowetsa ku Sacsayhuamán, Pisac, Moray ndi mabwinja a Ollantaytambo, ndiye ndi bwino kuigula koyambirira mukadali ku Ollantaytambo kuja. Ku Qorikancha mumalipira padera, koma musakuphonye. Asipanya anamanga tchalitchi cha Santo Domingo pamwamba pa kachisi wa a Inca ameneyu, ndipo chivomezi cha 1950 chinagumula mbali zina za tchalitchi, makoma a pansiwo osasunthika. Pamsewu wa Hatun Rumiyoc pali mwala wa ngodya 12; kuugwira nkoletsedwa.

Njala ikakupezani lowani mumsika wa San Pedro. Kuli chimanga chophika cha maso akuluakulu ngati chala chachikulu, amadyera tchizi, ndi chakumwa cha chimanga chofiirira chotchedwa chicha morada. Cuy ndi mbira yootcha, imabwera yathunthu ndi mutu womwe. Amayi ovala zamakolo oyenda ndi ana a alpaca (nyama yaubweya ngati nkhosa) m'misewu amayembekeza kandalama mukawajambula, ndiye gwirizanani mtengo kaye kamera isanalire.