Shuga wa vitamini A nayenso ali ndi muyeso

Pa misonkhano yathu ya alimi kuno ku Chipata, ndikangotchula za kuchepetsa shuga, pamapezeka mayi wokweza dzanja: "Alangizi, si paja shuga wathu ali ndi vitamini A?" Zoona, amayi. Kuyambira mu 1998, lamulo la dziko lino la Zambia limati shuga wogulitsidwa kwa anthu azikhala ndi vitamini A, kuti ateteze maso ndi thanzi la ana. Koma lamulolo silinatiuze kuti tizichita kukhuthulira paketi m'kapu. Vitamini yomweyo tili nayo kumunda ndi kudimba: mbatata yofiira mkati, chimanga cha olenji, maungu, mapapaya, mango, chibwabwa ndi bonongwe.

Muyeso wake ndi uwu. Mu 2015 bungwe la zaumoyo la WHO linalangiza kuti shuga wochita kuthira asafike 10 peresenti ya mphamvu imene thupi limapeza m'zakudya za tsiku. Kwa munthu wamkulu, amenewo ndi magalamu pafupifupi 50, kapena kuti masipuni a tiyi 12 osadzazitsa. Kutsika mpaka 6 n'kwabwino koposa. Uchi ndi madzi ofinya a zipatso amawerengedwa momwemo, pomwe chipatso chodya chathunthu ayi.

Tsono tawerengani. Tiyi wa m'mawa masipuni 4, ndipo ambirife timatapa modzaza, ndiye kuti ndi 7 kapena 8. Phala, masipuni 2. Masana thobwa lotsekemera, kenako maheu ndi vitumbuwa pa kantemba. Dzuwa lisanapendeke, muyeso tadutsa kale. Mukagula chakumwa cha m'botolo, onani papepala lake: magalamu 4 aliwonse a shuga ndi sipuni imodzi.

Osasiya mwadzidzidzi, apo ayi pakhomo pabuka mlandu. Muzichotsa theka la sipuni sabata iliyonse, lilime limazolowera lokha.

Kwa ana ndiye ndimalimbikira. Mwana wosakwana zaka 2 musamuthirire shuga m'phala. Ikani nsinjiro kapena chiponde, nanga si nshawa timalima tokha, n'kukanyiramo nthochi yakupsa. Zigolo, madzi othira shuga aja, zimangonyenga mimba, mwana amakana nsima, mano n'kumawola.

Akuluakulu amene mukumva ludzu losatha, kukodza pafupipafupi usiku ndi kuwonda popanda chifukwa, pitani kuchipatala akakuyezeni shuga m'magazi.