Kasankhidwe ka wisiki wa single malt ndi kaikidwe ka mtengo wa toti pa bala ku Mzuzu

Botolo la single malt likakhala pa shelefu, ndi mpamba wanu umene wakhala pamenepo. Kireti ya mowa imatha usiku umodzi wa Lachisanu, koma Glenfiddich wa zaka 18 akhoza kukhala miyezi ingapo asanafike n'komwe pakati. Mabala ambiri amene amaluza pa wisiki wotereyu saluza chifukwa chosowa makasitomala ayi. Amaoda mitundu yambirimbiri nthawi imodzi, amathira mongoyerekeza ndi maso, ndipo mtengo wa toti amautengera pa ndalama imene anagulira botolo chaka chatha.

Choyamba, wogulitsa aliyense pa kauntala adziwe chimene akugulitsa. Single malt wa ku Scotland amapangidwa ndi chimera cha balere, madzi ndi yisiti basi, pa fakitale imodzi yokha, ndipo amatchezedwa m'miphika ikuluikulu ya mkuwa. Amene anaonapo kutcheza kachasu sangavutike kumvetsa, kungoti uyu akatchezedwa amagonekedwa m'migolo ya matabwa a oak kwa zaka zosachepera zitatu. Malamulo a Scotch Whisky Regulations a mu 2009 amalamula zimenezi, ndiponso kuti mphamvu yake isatsike pa 40%. Nambala ya zaka imene ili pa botolo ndi ya wisiki wamng'ono kwambiri amene walowamo. Ali m'migolomo, chaka chilichonse pafupifupi 2% amauluka, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene wa zaka 18 amadulira kwambiri kuposa wa zaka 12.

Johnnie Walker, Chivas Regal ndi Jameson wamba si single malt, ndi wisiki wosakaniza. Monkey Shoulder ndi wa chimera chokhachokha koma wochokera ku mafakitale angapo, ndipo Bain's wa ku South Africa ndi wa chimanga. Onsewa ndi abwino ndipo amayenda malonda, koma musawalembe pamzere wa single malt. Kasitomala wodziwa akangoona cholakwika chimenechi amayamba kukayikira china chilichonse chimene mwalemba.

Mabotolo oyambira

Kwa bala ya ku Mzuzu, kaya ili m'tawuni, ku Katoto kapena ku Luwinga, mabotolo asanu kapena asanu ndi limodzi ndi okwanira poyambira, bola akhale osiyana kakomedwe. Kuika Glenfiddich 12, Glenlivet 12 ndi Singleton 12 pamodzi n'kumati muli ndi mitundu itatu n'kudzinamiza, chifukwa onsewa ndi ofewa, onunkhira zipatso, ndipo amapikisana pa kasitomala mmodzi yemweyo. Sankhanipo awiri, ndipo amene akuyenda kwambiri muzikhala ndi botolo lina losatsegula kuseri. Awa ndiwo amalipira lendi.

Kenako pezani mmodzi wogonekedwa m'migolo imene munali vinyo wa sherry wa ku Spain. Wotereyu amakhala wofiirira, wonunkhira ngati zipatso zouma, ndipo amakomera anthu ozolowera bulande. Dzina limene aliyense amalidziwa ndi Macallan 12, koma Aberlour 12 kapena GlenDronach 12 amagwira ntchito yomweyo ndipo kawirikawiri amatsikirapo mtengo. Wachinayi akhale wa utsi. Ku chilumba cha Islay ku Scotland chimera amachiumitsa ndi utsi wa peat, dothi lakuda la m'madambo limene limayaka likauma, ndipo fungo lake limakumbutsa nsomba zowamba. Laphroaig 10, Ardbeg 10 ndi Lagavulin 16 ndi a kumeneko. Ngati makasitomala anu sanazolowere, yambani ndi Talisker 10 wa ku chilumba cha Skye kapena Highland Park 12 wa ku Orkney, amene utsi wake ndi wocheperako. Wa utsi mmodzi yekha akwanira, chifukwa omukonda ndi ochepa, ngakhale kuti amene wamukonda safunanso wina.

Wachisanu akhale wa zaka 15 kapena 18, wa anthu amene akusangalalira chinachake. Wachisanu ndi chimodzi, ngati mpamba ulipo, akhale wosinthasintha: ulendo uno Glenmorangie wa ku Tain, ulendo wina Auchentoshan amene amatchezedwa katatu, kapena Three Ships wa zaka 10 wa ku Wellington ku South Africa. Botolo losinthali ndi limene limabweretsanso kasitomala wa masiku onse kudzafunsa kuti kwabwera chiyani.

Odani poyang'ana nyengo. M'miyezi ya June ndi July, pamene kuzizira kwa Mzuzu kumafika m'mafupa, anthu amasiya mowa wozizira n'kufuna chotenthetsa pachifuwa, komanso ndi nthawi imene alendo opita ku Nyika, Livingstonia ndi Nkhata Bay amagona mumzinda muno. Katundu akhale atafika kale mu May.

Kugula

Gulani kwa ogulitsa odziwika amene amapereka lisiti, ndipo botolo lililonse muliyang'ane lisanalowe m'sitoko. Onani ngati lili ndi sitampu ya msonkho ya MRA, ngati chokutira cha pakamwa sichinang'ambidwe kapena kumatidwanso, ngati zilembo za pa lebulo sizinafufutike, ndiponso ngati mabotolo a mtundu umodzi adzaza mofanana. Munthu akabwera ndi Macallan m'chikwama pa theka la mtengo wake, kumbukirani kuti chakomakoma pusi anagwa chagada. Mowa wachinyengo nthawi zina umakhala ndi methanol, amene amachititsa khungu ngakhale kupha kumene. Pa chifukwa chomwechi, botolo lanu likatha ng'ambani lebulo ndi kutaya chitsekerero musanalitulutse, poti mabotolo opanda kanthu a mayina otchuka ndi amene achinyengo amasakasaka.

Yang'ananinso kukula kwa botolo. Ochokera ku South Africa amakhala a 750 ml, ochokera ku Ulaya amakhala a 700 ml, pamene a m'masitolo a pabwalo la ndege nthawi zambiri amakhala a lita imodzi. Pa shelefu a 700 ml ndi a 750 ml amaoneka ngati ofanana, koma akusiyana matoti awiri athunthu a 25 ml.

Kuwerengera mtengo wa toti

Sankhani muyezo umodzi, 25 ml kapena 30 ml, muulembe poonekera, ndipo musamausinthesinthe. Pano tigwiritsa ntchito 25 ml. Pa pepala, botolo la 750 ml limatulutsa matoti 30, la 700 ml matoti 28, la lita imodzi matoti 40. Pa kauntala sizitero. Pamakhala madontho otayika, otsalira mu muyezo, ndi kakang'ono kolawitsa kasitomala, choncho chotsani matoti awiri: werengerani 28, 26 ndi 38.

Manambala otsatirawa ndi ongophunzitsira masamu, inu muikepo a pa lisiti yanu. Tinene kuti botolo la zaka 12 la 750 ml mwagula K150,000, ndipo gawo lake la thiransipoti kuchokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita oposa 350 pa msewu wa M1, ndi K6,000. Lakudyerani K156,000. Gawani ndi 28, mupeza kuti toti imodzi yakudyerani pafupifupi K5,600. Pa mabotolo oyenda msanga, chulukitsani katatu: K16,800, imene mungaikweze kufika K17,000 kuti chenji chisavute. Apa matoti khumi oyamba abweza botolo, otsalawo alipira antchito, lendi, magetsi, laisensi ya ku khonsolo ndi phindu lanu. Botolo lomwelo likanakhala la 700 ml, toti ikanakudyerani K6,000, ndipo mtengo wake ukanayenera kukhala K18,000.

Pa botolo lodula, kuchulukitsa katatu kumapha malonda. Tinene kuti la zaka 18 lakudyerani K420,000, ndiye kuti toti ndi K15,000. Katatu ndi K45,000, ndipo pa mtengo umenewo botolo lidzangokongoletsa shelefu mpaka kuchita fumbi. Apa musayang'ane kuti mwachulukitsa kangati, yang'anani makwacha otsala m'manja. Toti ya zaka 12 ija ikukusiyirani K11,400. Ya zaka 18 mukaigulitsa K30,000 ikusiyirani K15,000, yoposa inzake ija, pa tambula imodzi yomweyo ndi ntchito yofanana. Botolo libwerera pa matoti 14. Ngati muona kuti matoti 14 amenewo simungawagulitse m'miyezi itatu kapena inayi, botolo limenelo si la bala yanu pakadali pano, ndipo ndalamayo ikagwire ntchito pa la zaka 15.

Ngati munalembetsa VAT, masamu onsewa achitike pa mitengo yopanda msonkhowo, kenako muuonjezere pamapeto. Ambiri amawerengera ndalama ya msonkho ngati phindu, n'kudzadzidzimuka tsiku lolipira.

Chimene chimagwetsa anthu kwambiri ndi kwacha. Single malt yense amachokera kunja. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25% mu May 2022 ndiponso ndi 44% mu November 2023, ndipo amene anapitiriza kugulitsa pa mtengo wakale anamaliza botolo ali ndi ndalama yosakwanira kugula lina. Mtengo wa toti uzichokera pa ndalama imene mungagulire botolo lomwelo lero. Imbirani amene amakugulitsani kamodzi pa mwezi, funsani mtengo watsopano, bwerezani masamu. N'chifukwa chake mitengo ndi bwino kuilemba pa bolodi kapena pa pepala limodzi losavuta kusindikizanso. Pa mzere uliwonse lembani dzina, zaka, kumene amachokera, mphamvu yake, muyezo ndi mtengo, kuyambira wofewa kutsikira kwa wa utsi. Dabulo ndi matoti awiri pa mtengo wa matoti awiri. Single malt musapereke pa ngongole, ngakhale kwa achimwene anu.

Kuthira ndi kulondoloza

Wogulitsa akamathira ndi maso n'kumapyola pang'ono, 30 ml m'malo mwa 25 ml, botolo la 750 ml limatulutsa matoti 25 m'malo mwa 30. Pa mtengo wa K17,000, matoti asanu otayikawo ndi K85,000 pa botolo limodzi, popanda amene waba. Gulani timiyezo tachitsulo tolembedwa mamililita, ndipo muzithira kasitomala akuona, botolo lili pa kauntala lebulo itayang'ana kwa iye. Kamuyezo kochokera pa Laphroaig katsukidwe kasanakhudze wisiki wina, apo ayi Glenlivet wa munthu wotsatira anunkha utsi.

Polondoloza sitoko, sikelo ya kukhitchini yoyeza magalamu imaposa kuyang'ana mzere pa botolo. Toti ya 25 ml imalemera pafupifupi magalamu 24. Yezani botolo lililonse potsegula bala ndi potseka, lembani m'kope, gawani kusiyanako ndi 24, ndipo yankho lifanane ndi matoti amene alembedwa kuti agulitsidwa. Sikelo siingakuuzeni ngati wina wathiramo madzi kapena wisiki wotchipa, choncho mwini bala azilawa kadontho ka botolo lotsegula nthawi ndi nthawi.

Botolo liziima chilili. Wisiki ndi wamphamvu kuposa vinyo, ndipo botolo likagona amadya chitsekerero mpaka chimafumbutuka n'kugweramo. Lisakhale pawindo pofika dzuwa kapena pamwamba pa firiji pamene pamatuluka mpweya wotentha. Mukathira bwezerani chitsekerero chake, musasiyepo kampopi kothirira usiku wonse, chifukwa fungo limene kasitomala akulipira limathawira pamenepo. Wisiki sakula m'botolo, ndipo likatsala gawo limodzi mwa magawo atatu, mpweya wochuluka m'katimo umayamba kumuzizilitsa kakomedwe. Likafika pamenepo lithamangitseni. Njira yabwino ndi kulawitsa mitundu itatu pamodzi, 15 ml uliwonse, kuyambira wofewa kumalizira wa utsi, pa mtengo umene mwawerengera kuchokera pa toti ya uliwonse. Munthu amene amaopa kutaya ndalama pa toti yathunthu ya wisiki wosamudziwa amalolera kulawa motere.

Wisiki wina wa 46% monga Ardbeg 10 amachita mbuu akazizidwa kapena akathiridwa madzi, chifukwa sanasefedwe pozizira. Usiku wa July ku Mzuzu zimenezi zikhoza kuoneka, ndipo sikuti wawonongeka. Wogulitsa adziwiretu kuti athe kufotokoza modekha kasitomala asanabweze tambula.

Perekani wisiki ali yekha m'tambula youma, yosanunkha sopo, madzi ndi ayisi zili pambali, mwini wake asankhe. Madziwo akhale a m'botolo, osazizira, m'kajagi kakang'ono, chifukwa madontho ochepa amatsegula fungo pamene a pampopi onunkha klorini amaliphimba. Ayisi apangidwe ndi madzi omwewo ndipo asungidwe m'chotengera chotseka, kutali ndi nyama ndi nsomba. Magetsi akathima ayisiyo n'kusungunuka, mutayeni mupange wina, poti wouma kachiwiri amatenga fungo la firiji yonse. Kasitomala akafuna kuthiramo Coca-Cola, ndalama ndi yake, koma wogulitsa angathe kunena mwaulemu kuti, "Bwana, ngati mukusakaniza, pali wina wotsikirapo mtengo amene angakukomereni chimodzimodzi." Munthu wosakwana zaka 18 asagulitsidwe, ndipo amene wafika pa dabulo yachitatu ali ndi makiyi a galimoto m'manja, muitanireni takisi.