Musanagule feteleza, pimitsani dothi la m'munda mwanu

Alimi anzanga a ku Mitundu, Malingunde, Mpingu, Nsaru ndi madera ena onse a Lilongwe, pali dandaulo limene limabwera chaka ndi chaka tikangotha kukolola. Munthu anathira feteleza wokulitsa pa nthawi yake, wobereketsanso anathira, anapalira kawiri, mvula sinavute, koma ngolo zimene zatuluka m'mundamo sizikufanana ndi ndalama imene inalowa. Ambiri amati feteleza wa masiku ano alibe mphamvu. Ena amangoti munda waguga. Kawirikawiri vuto limakhala m'dothi momwemo, ndipo limapimika. Ine chimandiwawa n'chakuti mlimi amagulitsa mbuzi kuti agule matumba a feteleza, pamene sanadziwe ngati nthaka yake ingalole mbewu kudya fetelezayo.

Chimene akatswiri amayamba kupima ndi asidi wa m'nthaka. Muyeso wake umatchedwa pH, ndipo umayenda kuchokera pa 0 kufika pa 14. Pa 7 ndiye pakatikati. Nambala ikamatsika, asidi akuchuluka, ndipo sachuluka pang'onopang'ono ayi: dothi la pH 5 lili ndi asidi wowirikiza kakhumi poyerekeza ndi la pH 6. Chimanga, soya, nyemba ndi mtedza zimakondwa nambalayi ikakhala pakati pa 5.5 ndi 7. Ikatsika kupitirira 5.5, mavuto amayamba.

Dothi lathu lofiira la katondo lili ndi ayironi ndi aluminiyamu wambiri. Asidi akachepa, aluminiyamuyo amangokhala phee, osavutitsa mbewu. Asidi akachuluka, aluminiyamu amasungunuka n'kulowa m'madzi a m'nthaka, ndipo amawononga nsonga za mizu. Mukadzaona phesi lopinimbira, dzazuleni bwinobwino mutsuke mizu yake. Mudzapeza mizu yaifupi, yonenepa kunsonga, yopanda timizu tating'ono tija timayamwa madzi. Mizu yotere sipita pansi, n'chifukwa chake ng'amba ya mu Januwale ikangogwa masiku ochepa, munda woterewu ndiwo umayamba kufota pamene wa mnzanu woyandikana nawo uli chiimire.

Kachiwiri, ayironi ndi aluminiyamu yemweyo amagwira fosifolasi wa mu feteleza wokulitsa n'kumumanga kuti asasungunuke. Zili ngati kutsanulira chimanga m'nkhokwe yopanda khomo: chakudya chilimo, koma ana akugona ndi njala. Chizindikiro chake mumachidziwa, masamba a chimanga chaching'ono amafiirira moderako m'mphepete, ndipo mbewu imachedwa kunyamuka. Mbewu za mtundu wa nyemba nazo zimavutika mwa njira yawoyawo. Tizilombo tabwino tija timapanga timatuza pa mizu ya soya ndi mtedza, n'kumakoka nayitrojeni mumpweya, sitikhala bwino m'dothi la asidi. Mungagule inokulanti, amene ndi tizilombo tomweti tosakaniza ndi mbewu pobzala, koma phindu lake likhala lochepa.

Nanga asidiyu amachokera kuti? Mvula imakokolola kashiamu ndi maginiziyamu kupita pansi. Zokolola zimene timatuta chaka ndi chaka zimanyamulanso michereyi kuchoka nayo m'munda. Ndiye pali feteleza amene. Urea akalowa m'nthaka amasandulika, ndipo posandulikapo amasiya asidi. Sulphate of ammonia amasiya wochuluka kuposa pamenepo, pafupifupi kuwirikiza katatu pa nayitrojeni wofanana. CAN sawonjezera asidi kwenikweni chifukwa ali kale ndi laimu m'kati mwake. Sindikunena kuti musiye urea, chimanga chimafuna nayitrojeni. Koma munda umene walimidwa chimanga chokhachokha kuyambira nthawi ya agogo, mapesi akutenthedwa, manyowa osalowamo, uyenera kupimidwa.

Kutenga dothi lokapimitsa n'kumene ambiri amalakwitsa, ndiye pano ndichedwapo. Ku labotale amapima dothi lochepa kwambiri, lodzaza supuni zingapo basi, ndipo kadothi kameneko kamayankhulira munda wonse. Mukatapa pamalo amodzi, yankho likhala la pamalo pomwepo.

Yambani mwauyendera munda ndi kuugawa monga mukuudziwira. Kumtunda kofiira ndi kumunsi kwakuda koyandikira dambo ndi minda iwiri, ngakhale mwini wake ndi mmodzi. Gawo lililonse likhale ndi dothi lakelake. M'gawomo yendani mokhotakhota kuchokera kungodya ina kukafika ina, mukuima malo 15 kapena 20. Paliponse mwaima, chotsani zinyalala za pamwamba, kumbani ndi khasu kadzenje kakuya masentimita 20, kenaka sengani dothi m'mbali mwa dzenjelo kuchokera pamwamba mpaka pansi, mofanana makulidwe ake. M'munda wa mizere tengani m'mbali mwa mzere, pakati pa mapando, osati paphando penipeni pamene munathira feteleza chaka chatha. Lambalalani chulu, pamene panali khola, pamene munatenthera mapesi, m'njira ndi pansi pa mtengo wa nsangu, chifukwa malo amenewa ali ndi chonde chawochawo chimene chinganamize zotsatira.

Dothi lonselo liponyeni m'ndowa ya pulasitiki yotsuka bwino. Ndowa ya malata ayi. Malata amakutidwa ndi zinki, ndipo zinki ndi umodzi mwa michere imene akukapimayo, ndiye ndowayo ingachititse kuti pepala linene kuti muli naye wokwanira pamene mulibe. Thumba limene munali feteleza nalonso musaligwiritse ntchito, ngakhale mutalikung'untha chotani. Phwanyani zibuluma, chotsani miyala ndi mizu, sakanizani ndi manja mpaka lifanane, kenaka tapanipo theka la kilogalamu. Liyanikeni pamthunzi, osati padzuwa kapena pamoto. Likauma liikeni m'jumbo yatsopano, ndipo lembani dzina lanu, mudzi, gawo la munda, mbewu imene munalima ndi imene mukufuna kulima. Pepala lina likhale m'kati, lina kunja.

Ife a ku Lilongwe tili ndi mwayi, malo opimira ali pafupi. Ku Chitedze, pa msewu wa ku Mchinji, kuli labotale ya nthaka ya boma. Ku ARET, bungwe la kafukufuku wa ulimi wa fodya, amapimanso, chimodzimodzi ku Bunda, ku sukulu ya LUANAR. Funsani ku ofesi ya zaulimi ya m'dera lanu za mtengo ndi katumizidwe kake. Ngati muli pa kalabu, sonkhanitsani majumbo anu munthu mmodzi akapereke, mtengo wa ulendo ugawike. Nthawi yabwino ndi Juni mpaka Ogasiti, kuti zotsatira zikupezeni musanagule zipangizo. Ku labotaleko amasakaniza dothi ndi madzi n'kupima pH ndi makina, kenaka amalisungunula ndi mankhwala kuti aone fosifolasi, potaziyamu, kashiamu ndi zinki amene mbewu ingathe kuyamwa. Pepala likabwera musalisunge m'chikwama. Bwerani nalo kwa alangizi tiliwerengere limodzi.

Pepala likanena kuti asidi wachuluka, mankhwala ake ndi laimu wa ulimi, amene ndi mwala wogayidwa. Wa mtundu wa dolomite amabweretsa kashiamu ndi maginiziyamu pamodzi. Musamusokoneze ndi laimu wopakira nyumba, amene amawotcha manja ndipo angawononge mbewu. Kuchuluka kwake kumachokera pa zotsatira. Nthawi zambiri imakhala tani imodzi kapena ziwiri pa hekitala, kutanthauza matumba 20 mpaka 40 a makilogalamu 50, ndipo dothi la mchenga limafuna wochepa kusiyana ndi katondo. Ndikudziwa kuti matumba amenewa ndi ambiri kwa mlimi wamng'ono. Musafooke nazo. Laimu sathiridwa chaka chilichonse, mphamvu yake imakhala m'nthaka zaka zingapo. Gawani munda, chaka chino muthire mbali imodzi mokwanira, chaka chamawa ina. Kuwaza pang'onopang'ono munda wonse n'kutaya ndalama. Siyaninso mizere ingapo osathira kuti maso anu aone okha kusiyana.

Laimu sayenda yekha m'nthaka. Muwazeni musanaunde mizere kuti asakanikirane ndi dothi, miyezi iwiri kapena itatu musanabzale, poti amagwira ntchito pang'onopang'ono akapeza chinyezi. Musamusakanize ndi urea kapena sulphate of ammonia, chifukwa nayitrojeni amathawa ngati mpweya. Ndipo musapyole muyeso poganiza kuti wambiri ndiye wabwino. Laimu akachulukitsa, zinki ndi amene amamangika, ndipo mudzaona masamba anthete a chimanga ali ndi mizere yoyererako. Alimi a mtedza, makoko opanda kanthu m'kati nthawi zambiri amabwera chifukwa chosowa kashiamu. Gypsum, mwala wina wogayidwa wokhala ndi kashiamu, amathandiza pamenepo, koma dziwani kuti iye sachotsa asidi monga amachitira laimu.

Manyowa ndi kompositi zisasowe. Zinthu zowolerana zimagwira aluminiyamu kuti asavutitse mizu, zimasunganso chinyezi. Mapesi akwirireni kapena muwayale, musatenthe, chifukwa nayitrojeni ndi salufa zimapita ndi utsi.

Nkhaniyi sithera pa matumba a zokolola, imafika mpaka m'mbale ya nsima. Kafukufuku amene Dr Allan Chilimba ndi anzawo anasindikiza mu 2011 anaonetsa kuti chimanga cholimidwa pa dothi la asidi, lomwe ndi lofala m'dziko muno, chimakhala ndi seleniyamu wochepa kwambiri poyerekeza ndi cha pa makande a ku chigwa cha Shire, kumene pH ndi yokwera. Seleniyamu thupi limamufuna pang'ono zedi, koma amathandiza chitetezo cha m'thupi ndi chithokomiro. Pambuyo pake akatswiri a ku LUANAR, a ku nthambi ya kafukufuku wa zaulimi ndi a ku University of Nottingham, pa ntchito yotchedwa GeoNutrition, anatenga dothi ndi mbewu m'minda ya alimi pa malo oposa 1,800 m'Malawi muno. Zotsatira zake zinatuluka mu 2021, ndipo zinaonetsa kuti kuchuluka kwa kashiamu, ayironi, zinki ndi seleniyamu m'chimanga kumasiyana malinga ndi dera limene chalimidwa. Kwa banja limene limadya zolima lokha, ndiye kuti dothi la pakhomo ndi limene likugamula michere imene ana akulandira. Mu 2019, ku Wimbe m'boma la Kasungu, mabanja anapatsidwa ufa wa chimanga chimene chinalimidwa ndi feteleza wokhala ndi seleniyamu, ndipo seleniyamu wa m'magazi mwa amayi ndi ana anakwera. Dziko la Finland lakhala likuika seleniyamu mu feteleza kuyambira 1984. Koma chonde, izi si zoyesera pakhomo. Seleniyamu akapyola muyeso ndi poizoni, ndipo kumuika mu feteleza ndi ntchito ya boma ndi mafakitale.

Za zinki zinayamba kale kuchitika. Mukayang'ana pa thumba la feteleza wokulitsa wa masiku ano mupeza palembedwa 23:10:5+6S+1.0Zn, m'malo mwa 23:21:0+4S uja tinazolowera. Anachepetsa fosifolasi, n'kuikamo potaziyamu ndi zinki, chifukwa kupima nthaka m'madera ambiri kunaonetsa kuti michereyi ikuperewera. Koma thumbalo analikonzera dziko lonse, pamene munda wa ku Nathenje ndi wa ku Kabudula sufanana. Chimene munda wanu ukusowa chidzadziwika ndi jumbo ya dothi lochokera m'munda mwanumo. Mukapimitsa, sungani pepalalo, ndipo pakatha zaka zitatu mudzapimitsenso gawo lomwelo pa nyengo yomweyo, kuti tidzaone ngati laimu ndi manyowa zakweza nambala ija.