Chimfine cha mu April ku UK: kayezetseni ngati ndi mungu wa mitengo

Abale amene muli ku UK, ngati chaka chilichonse ikangokwana kumapeto kwa March mpaka pakati pa May mumayetsemula osalekeza, maso kuyabwa, mamina kumangochucha ngati madzi koma thupi osatentha, mwina si chimfine chimenecho, ndi hay fever ya mungu wa mitengo, makamaka birch uja wa khungwa loyera. Wa udzu umabwera pambuyo pake, May mpaka July.

Musanathamangire ku labu muzilemba mu foni masiku amene zakuvutani, mwezi wanji, munali panja kapena m'nyumba. Adokotala amafuna zimenezi kuposa china chilichonse, moti GP, dokotala wa kusajale kumene munalembetsa, akhoza kungomva nkhani yanu n'kukupatsani mankhwala osayeza, palibe cholakwika ngati mankhwalawo akugwira. Koma ngati mwamwa cetirizine, mwapopera za m'mphuno zija koma osasintha, kapena mwayamba kubanika pachifuwa, auzeni kuti mukufuna kuyezedwa.

Njira yoyamba ndi ya pakhungu, skin prick test, imachitikira ku kiliniki ya ma allergy. Nesi amalemba timanambala pamkono ndi cholembera, kuika kadontho pa nambala iliyonse, aka ka birch, aka ka udzu, kenako kubaya pang'ono chabe, magazi satuluka n'komwe. Pamakhalanso kadontho ka histamine, chimene thupi limatulutsa likakhala ndi allergy, kamene kayenera kutupa ndithu ndi ka madzi amchere kamene sikayenera kutupa, kuti aone ngati testiyo yayenda bwino. Mumadikira mphindi 15 mpaka 20 osakanda ngakhale payabwe chotani, ndipo pakatuluka kachotupa ngati polumidwa ndi udzudzu, koposa pa madzi amchere paja ndi 3 mm kapena kupitirira, ndiye kuti thupi lanu likuuzindikira munguwo. Pakhungu lathu lakudali kufiira sikuoneka bwino, koma musadandaule, amayeza kutupako. Chachikulu, siyani ma antihistamine, mankhwala a allergy ngati cetirizine uja, masiku angapo musanapite, Piriton yemwe, funsani kilinikiyo kuti masiku angati chifukwa mukamwa dzulo lake mwangotaya ulendo.

Yachiwiri ndi ya magazi, specific IgE, yoyeza asilikali a m'thupi olimbana ndi munguwo, iyi GP atha kuitanitsa yekha ndipo mankhwala simusiya, ndiyabwinonso kwa amene ali ndi eczema, matenda oyabwa a pakhungu, pamikono. Amatenga magazi pang'ono kutumiza ku labu, zotsatira zimabwera pakapita masiku. Pa pepala muona dzina la mtengo ndi nambala mu kUA/L, ma labu ambiri amayambira pa 0.35 kunena kuti positive. Apa ndi pamene anthu amasokonekera, nambala kukwera sikutanthauza kuti mudzadwala kwambiri ayi, ena amapezeka positive ku mtengo umene suwavutitsa n'komwe, ndiye pepalalo aliwerenge adokotala pamodzi ndi zimene munalemba mu foni zija.

Ngati mukadya apulo wosaphika pakamwa pamayabwa, nenani, puloteni ya birch yotchedwa Bet v 1 imafanana ndi ya mu apulo ndi hazelnut ndipo labu itha kuyeza iyoyo payokha. Koma ma test a tsitsi ndi a IgG ogulitsidwa pa intaneti aja asiyeni, sayeza allergy, mungoluza ndalama. Lilime kapena pakhosi pakatupa ndipo kupuma kukuvuta, musadikire za labu, imbani 999.